Mpata wa Pakati pa Magalasi

Mu Januwale, ku Erzurum,
chipale chofewa chimafika m'mawondo,
ndipo basi yomaliza imachoka pa yunivesite ndi anthu atatu.
Nurşen sanaikwere.
Watsala m'chipinda cha makompyuta, jekete ali chivalire,
maso ali pa bokosi lomwe wajambula pa sikirini.

Si bokosi lenileni.
Ndi kampata ka pakati pa magalasi awiri a zenera,
momwe mpweya unatsekeredwa tsiku lomwe zeneralo linapangidwa.
Galasi lakumanzere walipatsa madigiri makumi awiri, ngati m'nyumba.
Lakumanja, makumi awiri kunsi kwa ziro, ngati panjapa.
Pamwamba ndi pansi wamata, kutentha kusadutse.
Kenako waduladula mpatawo timagawo zikwi makumi anayi
kuti kalikonse kazifunsa anansi ake anayi:
kwanuko kwafunda bwanji? Mukulowera kuti?

Makina akung'ung'udza pansi pa tebulo.

Akapanikiza mpatawo, mamilimita asanu ndi limodzi,
mpweya umangoti zii,
koma kutentha kumawoloka ngati mwana wolumpha ngalande.
Akautanula kufika makumi atatu
mpweya umadzuka.
Wotsamira galasi lofunda umapepuka, nukwera,
kudenga umakhota,
nutsetsereka ndi galasi lozizira
utatula zonse zomwe unanyamula.
Palibe woukankha.
Mivi yofiira ikukwera, yabuluu ikutsika:
mtengatenga wosalipidwa,
wotuta kufunda kwa m'nyumba kukataya panja usiku wonse.

Penapake pakati pa ziwirizi
pali nambala yomwe akuisaka.

Mlonda, bambo Hüsnü, alowa ndi tiyi m'kagalasi koning'a pakati.
Aluma kachibuma ka shuga, monga amamwera akuno,
nasuzumira pa sikirini.
"Zatheka?"
"Sizikukhazikika. Manambala akungodumphadumpha."
"Kwathu tinkangotseka mazenera ndi nyuzipepala," atero,
natuluka, makiyi akulira m'chiuno.

Mayi ake atamwalira, Nurşen anakhala ndi bambo ake miyezi isanu ndi inayi
m'zipinda ziwiri za ku Yakutiye, mbaula imodzi.
Chilichonse chinkawoloka khoma:
chifuwa chawo, wailesi yawo,
mkwiyo wawo pa supu wopanda mchere.
Anathawira ku Ankara.
Kumeneko foni inkalira Lamlungu lililonse,
mawu ochepa, onena za mtengo wa malasha,
koma akaidula ankapeza m'chifuwa mwake mwazizira,
ngati wina wazungulira m'nyumba ndi thumba.

Tsopano amachita lendi misewu inayi kuchokera kwa iwo.
Sadziwa ngati inayi ndi yochuluka.

Achepetsa timagawo ta m'mphepete mwa galasi,
pomwe mpweya umathamanga mopyapyala ngati khungu la anyezi.
Ayambitsanso.
Tiyi wazizira.
Paipi yofunditsa chipinda ikugogoda yokha kuseri kwa kabati.

Cha m'ma folo koloko mzere wa zolakwika uyamba kutsika,
utsika, ugwedera pang'ono, utsikanso,
kenako ugona.
Khumi, asanu ndi limodzi.
Apa mpweya ukufuna kuzungulira koma sunatsimikize,
ndipo kutentha kukuchedwa panjira.
Sikuti kwaleka kuthawa, ayi.
Palibe mpata womwe kompyuta yapeza
woti kutentha kukhale osachoka.

Alemba nambalayo padzanja ndi bolopeni,
aiwala kuti ili kale m'faelo.

Panja mpweya ukuluma mano.
Buledi woyamba watuluka pa bekale ya pakona,
amugula, amufungatira mkati mwa jekete.
Msewu woyamba. Wachiwiri.
Pa wachinayi nyali ya kukhitchini kwa bambo ake yayaka kale,
galasi lachita nthunzi mkati,
ndipo wina walipukuta ndi chikhatho
malo okwana nkhope imodzi.